Zilembo zachikale za pa zikwangwani ndi makhadi: Cooper, Clarendon, Playfair ndi zinzake, musankhe ziti?

Nyengo ya maukwati ikafika, aliyense wobwera kudzapangitsa khadi amanena mawu amodzimodzi: "Mundiikire zilembo zooneka zachikalekale, koma zapamwamba." Mwini malo odyera akufuna zomwezo pa chikwangwani, mayi wogulitsa uchi akuzifuna pa sitika ya botolo. Onsewa akunena za mafonti (mitundu ya zilembo) okhala ndi timichira kumapeto kwa chilembo, amene opanga zilembo amati serif, koma osati wamba ngati Times New Roman. Akunena aja onenepa kapena okongoletsedwa, amene anapangidwira mitu ikuluikulu, mawu atatu kapena anayi basi, osati ndime yonse.

Vuto ndi lakuti pa sikirini ya laputopu onse amakongola. Chikomekome cha mkuyu. Nyerere mumaziona ntchito ikatuluka m'makina, ndalama zitapita kale.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Choyamba ndi pamene zilembozo zikakhale. Pepala losalala la khadi limasunga mzere woonda ngati tsitsi. Banner yopachika padzuwa, sitika yodulidwa ndi makina, tisheti, kapena khoma limene wolemba zikwangwani akalembepo ndi bulashi, zonsezi zimadya mizere yoonda. Ngakhale chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp chimafinyidwa, ndipo choyamba kufa ndi timizere tomweto.

Chachiwiri ndi chinenero chathu. Mafontiwa amatsatsidwa ndi mawu aafupi achingerezi, pomwe ife tikufuna kulemba "Takulandirani", "Chinkhoswe", "Msonkhano wa Chitsitsimutso". Mawu athu ndi aatali, ndipo ndi odzaza ndi m ndi w, zilembo zotakata kuposa zonse. Muli kachizindikiro ka mu ng'ombe ndi m'mudzi, kamene mafonti ena amakasiyira mpata waukulu moti liwu limaoneka ngati lathyoka pawiri. Mulinso ŵ. Ambiri masiku ano saalemba, koma kasitomala wofuna "Malaŵi" kapena wolemba Chitumbuka adzamufuna. Mwayi wathu ndi wakuti chinenero cha ku Wales chimagwiritsanso ntchito chilembochi, choncho mafonti opangidwira zinenero zambiri za ku Ulaya amakhala nacho. Ine ndisanakonde fonti iliyonse ndimayamba ndalemba mzere uwu: "Ng'oma ya ku Malaŵi, mphwando la chinkhoswe, 0123456789". Ukangouona mzerewu, theka la chisankho latha.

Chachitatu ndi laisensi, nkhani imene ambiri timaidumpha. Fonti imene mwaipeza ulere pa intaneti si kuti ndi yaulere pa bizinesi. Pa webusaiti ya DaFont pali mafonti ambirimbiri olembedwa kuti ndi aulere pa ntchito zanuzanu zokha. Mukaiika pa sitika ya katundu wogulitsa, mwadutsa malire. A pa Google Fonts ambiri ali pansi pa SIL Open Font License, imene imalola kuwagwiritsa ntchito pa malonda, kuwasintha, ngakhale kupatsa mnzanu fayilo, bola musagulitse fontiyo payokha.

Mtundu uliwonse pansipa ndauyeza pa zinthu zinayi: mtengo, kapezekedwe, kasamalidwe, ndi pamene ungakugwetseni.

Cooper Black ndi abale ake ofewa

Uyu ndi uja wonenepa, wa m'mphepete mozungulira ngati mandasi. Anamujambula Oswald Cooper ku Chicago, ndipo kampani ya Barnhart Brothers & Spindler inamutulutsa mu 1922. Amene anakwerapo ndege za easyJet anamuona pa dzina la kampaniyo. Timichira take n'tobulungira, mulibe ngodya yakuthwa paliponse, ndipo mpata wa m'kati mwa O ndi wopendekeka pang'ono, n'chifukwa chake amaoneka ngati akumwetulira.

Mtengo: ngati muli ndi Microsoft Office yovomerezeka, mwalipira kale, chifukwa amabwera nayo. Laisensi imeneyo imakulolani kupanga ntchito ndi kusindikiza, koma siyikulolani kukopera fayilo ya fontiyo kwa ena kapena kuiika pa webusaiti. Mukafuna zimenezo mugule payokha. Wachibale waulere ndi Fraunces, imene Phaedra Charles ndi Flavia Zimbardi a ku Undercase Type anapanga potengera Cooper, Windsor ndi Souvenir, ndipo ili pa Google Fonts kuyambira 2020.

Kapezekedwe: palibe womuposa. Pafupifupi kompyuta iliyonse ya malo osindikizira ili naye, ndipo olemba zikwangwani ndi bulashi amamudziwa m'manja ngakhale dzina lake asalidziwe.

Kasamalidwe: Cooper Black savuta. Amadulika bwino pa vinyl, pulasitiki ya masitika ija, chifukwa mpeni wa makina sukumana ndi ngodya, ndipo pochotsa zotsalira palibe kachidutswa kothothoka. Fraunces ndiye amafuna dzanja. Ndi fonti ya mtundu wa variable, kutanthauza kuti fayilo imodzi imatha kunenepa, kuonda, kufewa m'mphepete monga mwafunira. Mapulogalamu akale komanso Word sadziwa bwino kuyendetsa zimenezi. Mukaidawuniloda, tsegulani foda yolembedwa static ndi kuika mafayilo a m'menemo.

Pogwera: ndi wotakata koopsa. "Chikondwerero" mu Cooper Black chimadya chikwangwani chonse, ndiye munthu amayamba kufinya zilembo m'mbali kuti zikwane, kukongola konse n'kuthera pomwepo. Makope akale obwera ndi mapulogalamu nthawi zambiri amakhala ndi zilembo za kumadzulo kwa Ulaya zokha, ŵ mulibe. Kompyuta imangobwereka chilembocho ku fonti ina, ndipo pakati pa zilembo zonenepa pamatulukira kamodzi kowonda ngati mwana wa mlendo. Fraunces ali naye ŵ, koma ali ndi khalidwe lake limene olemba Chichewa ayenera kulidziwa: pa saizi yaikulu, miyendo ya m, n ndi h imapendekeka dala. Mu Chingerezi zimenezi zimaoneka mwa apo ndi apo, ngati kamchere. Ife tili ndi nkh, mph, nth paliponse. Lembani "Mphatso za chinkhoswe" muone zilembo zonse zikutsimphina. Ena amazikonda choncho. Ine ndimazimitsa, pa chosinthira chimene anachitcha WONK.

Chinanso, Cooper ndi wansangala mopitirira. Pa pulogalamu ya maliro kapena pa chikwangwani cha loya, sakhala.

Clarendon

Ndikanati ndisankhe mtundu umodzi wokha wa ntchito zapanja, ndikanatenga uwu. Unatuluka mu 1845 ku kampani yopanga zilembo ya Fann Street Foundry ku London pansi pa dzina la Robert Besley, ndipo unali woyamba kulembetsedwa pansi pa lamulo la ku Britain loteteza zojambula. Chitetezocho chinali cha zaka zitatu zokha, ndipo zitatha, opikisana nawo anaukopera onse. N'chifukwa chake lero dzina loti Clarendon silinena fonti imodzi koma banja lonse. Timichira take n'tokhuthala, tolumikizidwa ku thupi la chilembo ndi kakhonde kokhota, ndipo a, c, r ndi y amathera ndi kampira. Bungwe loyang'anira malo osungira zachilengedwe ku America, National Park Service, linaugwiritsa ntchito zaka zambiri pa zikwangwani za m'misewu yake, umboni wakuti umawerengeka munthu ali patali.

Mtengo: makope odziwika, monga wa Linotype wochokera pa umene Hermann Eidenbenz anakonzera kampani ya Haas mu 1953, ndi ogula, ndipo kulemera kulikonse, kutanthauza kanenepedwe ka zilembo, kumagulidwa pakokha. Waulere ndi Besley, wopangidwa ndi Owen Earl, amene ali pa Google Fonts.

Kapezekedwe: m'makompyuta a osindikiza akale mumapeza Clarendon BT. Zilembo ziwiri za kumapetozo zikuimira Bitstream, kampani imene mafonti ake ankabwera ndi ma CD a CorelDRAW. Kupezeka kwake pa makina a mnzanu si chilolezo chakuti muikokere mu fulashi yanu. Besley ndi nkhani ya kabandulo kochepa basi.

Kasamalidwe: chenjerani ndi maina. Inu mwapanga ntchito ndi Clarendon wina, osindikiza ali ndi Clarendon wina, m'lifupi mwa zilembo n'mosiyana, mzere umene unakwana bwino kwanu kwawo wadumphira pansi. Besley ali ndi zilembo zopendekeka, zimene Clarendon woyambirira analibe, ndipo amachokera ku wosanenepa kufika ku wonenepa kwambiri, moti banja limodzi limatha kunyamula mutu ndi mawu a pansi pake omwe.

Pogwera: kwa kasitomala wofuna zokongoletsa zenizeni, Clarendon amaoneka wosavala. Ndi munthu wa suti, osati wa chilundu chamaluwa. Ndipo mukamunenepetsa kwambiri n'kufupikitsa mipata, timichira ta m ndi n timagundana n'kupanga mpanda umodzi.

Playfair Display ndi Abril Fatface

Awiriwa ndawaika pamodzi chifukwa matenda awo ndi amodzi: mzere wina wonenepa, wina woonda kwambiri. Playfair Display anamupanga Claus Eggers Sørensen wa ku Denmark mu 2011, potengera kalembedwe ka kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, nthawi ya John Baskerville, pamene mapepala osalala ndi inki yabwino zinayamba kulola osindikiza kutulutsa mizere yopyapyala. Abril Fatface, wa Veronika Burian ndi José Scaglione a ku TypeTogether, akuchokera ku zilembo zonenepa za pa mapositala a malonda a ku Britain ndi France a m'zaka za m'ma 1800. Onani bwino mbiri imeneyi: kalembedwe kameneka kanabadwa chifukwa pepala linali labwino. Mukakachotsa pa pepala labwino, mwakachotsa kwawo.

Mtengo: onse awiri ndi aulere, pa bizinesi pomwe. Abril Fatface ndi chidutswa chimodzi chokha cha banja lalikulu la Abril, ndipo abale ake enawo ndi ogula.

Kapezekedwe: ali pa Google Fonts, mu Google Docs ndi mu Canva, choncho ngakhale wopanga khadi pa foni amawapeza. Kupezeka kumeneku ndi kumene kwawatopetsa. Makhadi a ukwati khumi pa tebulo, ambiri mwa iwo ndi Playfair ndi fonti ina yolemba mopotokola pansi pake.

Kasamalidwe: Playfair amabwera ndi manambala achikale, aja ena otsika pansi pa mzere, ena okwera. Pa deti la ukwati amakongola. Pa nambala ya foni ndi chisokonezo, chifukwa 0 amaoneka ngati o wamng'ono. Manambala oima mofanana alimo, koma muyenera kuwayatsa pa zosankha zapadera za fonti zotchedwa OpenType, ndipo si pulogalamu iliyonse imalola zimenezo. Ngati yanu siyilola, lembani nambala ya foni ndi fonti ina. Playfair ali ndi ŵ, ndipo zilembo zake zopendekeka ndi zina mwa zokongola kwambiri zimene mungapeze ulere.

Pogwera: apa ndinapsapo ndekha. Ndinapangira msuweni wanga banner ya chinkhoswe, zilembo zoyera za Playfair pa mtundu wobiriwira wakuda. Pa laputopu inali yogwetsa misozi. Itatuluka m'makina, inki yobiriwira inali italowerera m'mizere yoonda, ndipo titaipachika pakati pa mitengo iwiri ya mango, munthu woima pa geti ankangoona timizati toyera, kamtanda ka e kosaoneka, ka a kosaoneka. Agogo ena anafunsa ngati zalembedwa m'Chiarabu. Wolakwa sanali wosindikiza. Zilembo zoyera pa mtundu wakuda zimaonda nthawi zonse, ndipo ine ndinasankha fonti imene inalibe choti n'kuondanso. Pa vinyl yodulidwa n'chimodzimodzi: kamzere kopyapyala kalibe guluu wokwanira, dzuwa la Okutobala likakawomba kamayamba kupindika. Pa nsalu yopetedwa ndi makina musayese n'komwe. Abril amapirirako pang'ono chifukwa thupi lake ndi lalikulu, koma timichira take n'topyapyala chimodzimodzi, ndipo ali ndi kulemera kumodzi kokha.

Zilembo za mitengo: Rye, Playbill ndi Algerian

Mu 1827 Darius Wells wa ku New York anapeza njira yosemera zilembo zikuluzikulu pa mtengo ndi makina, chifukwa zachitsulo zikakula zinkalemera ndi kudula. Mtengo ndi wofewa kusema, ndiye osema anayamba kusewera: timichira togawanika ngati mchira wa nsomba, timinga pakati pa chilembo, mithunzi. N'zimene timaziona m'mafilimu a anyamata oweta ng'ombe a ku America. Rye, wa Nicole Fally, ndi mdzukulu wa zimenezi. Playbill, amene Robert Harling anapangira kampani ya Stephenson Blake ya ku Sheffield mu 1938, ali ndi timichira tonenepa kuposa thupi. Algerian nayenso anachokera ku Stephenson Blake koyambirira kwa zaka za m'ma 1900. Iye si wa mtengo kwenikweni koma amagwira ntchito yofanana.

Mtengo ndi kapezekedwe: Rye ndi waulere pa Google Fonts; Playbill ndi Algerian amabwera ndi Office, malamulo ake ndi omwe aja a Cooper Black.

Kasamalidwe: ndi ovuta kudula, ovuta kupenta. Wolemba ndi bulashi akakuwonjezerani mtengo pa Algerian musadandaule, chifukwa chilembo chilichonse chili ndi mthunzi wake wofuna kujambulidwa pawokha.

Pogwera: Algerian alibe zilembo zazing'ono, zonse ndi zazikulu, ndipo liwu lalitali la Chichewa m'zilembo zazikulu zokongoletsedwa limasanduka nsalu ya maluwa, osati mawu. Watopanso. Satifiketi ya sukulu ya mkaka, menyu, chikalata cha kwaya, zonse Algerian, chifukwa ali pamwamba pa mndandanda wa mafonti mu Word, pa chilembo A. Playbill ali ndi ubwino umodzi umene enawa alibe: ndi wopapatiza, choncho mawu aatali amakwana pa malo ochepa. Koma kuwerengeka kwake n'kochepa, ndipo fungo la ku Texas silimuchoka.

Ogula: Recoleta, Windsor, Souvenir

Windsor anamujambula Eleisha Pechey ndipo anatuluka mu 1905. Souvenir ndi wa Morris Fuller Benton, wa 1914, koma anatchuka Ed Benguiat atamukonzanso ku kampani ya ITC cha m'ma 1970. Recoleta, wa Jorge Cisterna ku kampani ya Latinotype ya ku Chile, anatuluka mu 2018 atasakaniza kufewa kwa Cooper ndi kupendekeka kwa Windsor, ndipo kwa zaka zingapo anali pa mapaketi a zakudya ndi zodzola kulikonse.

Mtengo: kulemera kumodzi kumakhala madola makumi angapo, banja lonse kuposa apo kwambiri. Laisensi ya pa kompyuta ndi ina, ya pa webusaiti ndi ina, ya mu apu ndi inanso, ndipo ya pa kompyuta imawerengera anthu ogwiritsa ntchito. Kwa ife amene tili ku Malawi, vuto silikhala mtengo wokha koma kupeza khadi la banki lolola kulipira m'madola.

Kapezekedwe: m'misika ya mafonti monga MyFonts kapena kwa opanga eni ake. Amene amalipira Adobe Creative Cloud ali ndi nkhokwe ya Adobe Fonts, koma kumeneko mukubwereka. Mwezi umene mwalephera kulipira, mafonti amazima, ndipo fayilo ya kasitomala yotsegulidwa imadzaza ndi machenjezo.

Kasamalidwe: sungani risiti ndi chikalata cha laisensi mu foda yomweyo ya fonti. Ngati mukupangira kampani logo, gwirizanani poyera kuti laisensi ikhala m'dzina la ndani, chifukwa tsiku limene adzafune kulemba okha mapositala ndi fonti yomweyo adzafunika yawo. Ndipo ngati muli ndi makope akalekale a mtundu wa PostScript Type 1, dziwani kuti mapulogalamu a Adobe anasiya kuwawerenga mu Januwale 2023.

Pogwera: makope akuba. Ali mbwee pa intaneti, ambiri ndi odulidwa, opanda zilembo zina, mipata ya pakati pa zilembo itasokonekera, ndipo mawebusaiti ake amabwera ndi mavairasi. Chimene mumalipirira mukagula ndi ntchito ya mipata imeneyi, kuti T ndi a mu "Takulandirani" akhale moyandikana bwino popanda inu kuwakankha ndi dzanja. Komanso fasho imatha. Souvenir anakondedwa kwambiri m'ma 1970 mpaka opanga zilembo anafika pomunyoza, ndipo Recoleta akuyenda msewu womwewo.

Mtundu uliwonse umene mwasankha, musanapite kwa osindikiza sandutsani zilembo kukhala zojambula: Ctrl+Q mu CorelDRAW, Create Outlines mu Illustrator, kapena tumizani PDF yonyamula mafonti ake. Sungani kope lina losasandutsidwa, chifukwa apongozi adzaimba usiku kuti dzina la mudzi lalakwika.

Ntchito iyi, zilembo izi

Chikwangwani cha shopu, malo odyera kapena butchala, choti wodutsa pa minibasi awerenge: Besley wonenepa ngati dzina ndi lalitali, Cooper Black ngati ndi lalifupi monga "Pa Mudzi". Sitika ya pa galimoto ndi tisheti, awiri omwewa, ndipo Cooper amapambana pa nsalu.

Khadi la ukwati pa pepala labwino, inki yakuda pa choyera kapena chotuwa: Playfair Display, makamaka wopendekeka pa maina a akwati. Ngati khadi lomwelo lizungulira pa WhatsApp, kulitsani zilembo kapena tengani Playfair wonenepa. Banner ya tsiku lomwelo ipangeni ndi fonti ina.

Chikuto cha buku kapena magazini, mutu wa mawu awiri: Abril Fatface. Sitika ya uchi, chiponde kapena khofi wa ku Mzuzu, pamene mukufuna kutentha kwa zachikale popanda kuwononga ndalama: Fraunces wofewetsedwa, mutayesa kaye dzina la katunduyo kuti muone miyendo ya m ndi n. Kampani imene ili ndi bajeti, yofuna maonekedwe oti ikhale nawo zaka zambiri pa paketi, pa webusaiti ndi pa galimoto, igule banja lathunthu m'dzina lake, ndipo pamenepo ndingayang'ane Windsor kapena Clarendon wogula ndisanayang'ane Recoleta.

Rye musiyireni malo owotchera nyama kapena positala ya dansi, liwu limodzi lokha, lalikulu. Pulogalamu ya maliro, Besley wosanenepa. Satifiketi, Besley kapena Playfair, ndipo dzina la wolandira likhale m'zilembo zazing'ono zoyamba ndi chachikulu, kuti mwana amene dzina lake ndi Chimwemwe Mwang'ombe athe kuliwerenga yekha.